Momwe mungaunikire chiopsezo cha uchigawenga pa bizinesi yanu kuno ku Salima

Dziko la Malawi silinaonepo chiwembu chachikulu cha zigawenga monga chija cha ku Westgate, mumzinda wa Nairobi, kumene anthu 67 anaphedwa mu Seputembala 2013. N'chifukwa chake mukamufunsa mwini loji ku Senga Bay kapena wogula mpunga ku Lifuwu za uchigawenga, amangoti izo n'za pa wailesi. Komatu uchigawenga umatha kugwetsa bizinesi popanda mfuti kulira pakhomo panu. Alendo amasintha ulendo, feteleza amachedwa padoko, banki imagwira ndalama zanu n'kuyamba mafunso, a inshulansi amakana kulipira. Makampani akuluakulu amalipira akatswiri monga a Control Risks ndi Aon kuti awaunikire zimenezi dziko ndi dziko. Njira imene akatswiriwa amatsata si yachinsinsi, ndipo mutha kuitsata ndi kope, cholembera ndi foni yokhala ndi bandulo.

Gawo 1: Yambirani pakhomo panu

Ambiri amayamba ndi kusaka nkhani zoopsa pa intaneti n'kumaliza ali ndi mantha okhaokha. Inu yambani ndi kulemba zimene mukuteteza: antchito anu ndi kumene amayenda, katundu ndi nyumba, njira zimene katundu ndi makasitomala amadzera, komanso kumene ndalama zanu zimachokera ndi kumene zimapita.

Pa nkhani ya njira m'pamene muyenera kukhalitsa. Mafuta a galimoto, feteleza ndi katundu wambiri wa m'mashopu amalowera pa madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Njanji yodutsa pa Salima ndi Chipoka imakakumana ndi ya ku Nacala pa Nkaya, n'kutuluka m'dziko muno pa Nayuchi kulowera ku Cuamba ndi Nampula. Ngati muli ndi shopu ya zipangizo zaulimi pa Kamuzu Road, imbirani amene amakuodetsani katundu ku Kanengo, mumufunse kuti wake amalowera doko liti, ndipo dokolo litatsekeka ali ndi njira ina yotani. Yankho lakelo lilembeni.

Eni malo ogona alendo atsegule kaundula wa zaka ziwiri zapitazi n'kugawa alendo m'magulu: a misonkhano ochokera ku Lilongwe, mabanja obwera kumapeto kwa sabata, azungu obwera pa ndege, ndi aja a mathiraki oyenda kuchokera ku Nairobi kupita ku Cape Town. Gulu lililonse limachita mantha ndi zake. Wa msonkhano wa ku Capital Hill sangasinthe ulendo chifukwa cha bomba la ku Kenya, koma thiraki ya alendo ikhoza kusabwera n'komwe.

Gawo 2: Siyanitsani mitundu ya chiwawa

Umbava, zipolowe, nkhondo ndi uchigawenga n'zosiyana, ndipo a inshulansi amazisiyanitsa kwambiri. Mbava ikufuna ndalama zanu. Chigawenga chikufuna kuopseza anthu ambiri kapena kukakamiza boma pa zifukwa za ndale, chipembedzo kapena chikhulupiriro china, ndiye chimasankha malo amene chiwembu chake chimveke patali. Zimene zinachitika ku Mozambique chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, pamene misewu inatsekedwa ndipo anthu anathawira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, zinali zipolowe za ndale. Kwa wamalonda wa kuno zinamveka msanga kuposa nkhondo ya zigawenga ya ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique. Zilembeni zonsezi m'kope, koma chilichonse pa tsamba lakelake.

Gawo 3: Onani dziko lonse

Pa dziko lililonse limene lapezeka pa mndandanda wanu wa Gawo 1, werengani zinthu ziwiri.

Choyamba ndi lipoti la Global Terrorism Index, limene bungwe la Institute for Economics and Peace la ku Sydney linayamba kutulutsa mu 2012. Limaunika mayiko 163 n'kuwapatsa mapointi kuyambira 0 mpaka 10, powerenga ziwembu, imfa, ovulala ndi anthu ogwidwa n'kusungidwa mokakamiza, m'zaka zisanu zapitazo, chaka chaposachedwa chikulemera kuposa zam'mbuyo. Ndi laulere pa intaneti. Lipoti la 2024 linaika Burkina Faso pamwamba, malo amene kwa zaka zambiri ankakhala a Iraq kapena Afghanistan, ndipo la 2025 linaonetsa kuti imfa zoposa theka za uchigawenga pa dziko lonse zinachitika m'chigawo cha Sahel, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Amene akadali ndi maganizo akuti uchigawenga ndi nkhani ya ku Middle East atsalira; likulu lake tsopano lili mu Africa muno.

Chachiwiri ndi malangizo amene maboma a Britain ndi America amapereka kwa nzika zawo zofuna kuyenda. A America amaika dziko pa mlingo woyambira 1 mpaka 4, ndipo 4 ndiye kuti osapitako. Malangizowa ena amawadandaula kuti amakokomeza, ine ndimagwirizana nawo nthawi zina, koma kukangana nawo sikuthandiza. Mlendo wa ku Britain akapita kudera limene boma lake laletsa, inshulansi yake ya paulendo imatha kusagwira ntchito, ndiye kampani yomukonzera ulendo imangochotsa deralo pa pulogalamu. Zigawenga zitapha anthu 38 pagombe la Sousse ku Tunisia mu Juni 2015, ambiri mwa iwo a ku Britain, boma la Britain linalangiza nzika zake kupewa maulendo osafunikira opita m'dzikolo kwa zaka pafupifupi ziwiri, mahotela amene sanakhudzidwe n'komwe n'kukhala opanda alendo.

Malipotiwa ali ndi vuto limodzi lalikulu: amayang'ana m'mbuyo, ndipo nambala imodzi imaimira dziko lonse. Mu 2016 palibe lipoti limene likanakuuzani kuti chigawo cha Cabo Delgado chatsala pang'ono kuyaka.

Gawo 4: Tsikirani pa chigawo, pa boma, pa msewu

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, ndipo kwa ife a m'mbali mwa nyanja nkhani yake ndi kumpoto kwa Mozambique.

Chiwembu choyamba chinachitika pa 5 Okutobala 2017, pamene gulu la anyamata linaukira mapolisi a m'tauni ya Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko amalitcha gululi al-Shabaab, ngakhale si lomwe lija la ku Somalia; pambuyo pake linalumikizana ndi gulu la zigawenga la Islamic State. Mu Ogasiti 2020 linalanda tauniyo pamodzi ndi doko lake. Pa 24 Malichi 2021 linalowa mu Palma, pafupi ndi Afungi pamene kampani ya TotalEnergies inkamanga fakitale ya gasi ya ndalama pafupifupi madola 20 biliyoni. Patangotha mwezi umodzi kampaniyo inalengeza kuti yaimitsa ntchito pa zifukwa zimene singathe kuzilamulira, ndipo ntchitoyo inaima kwa zaka zoposa zinayi. Amene anavutika kwambiri si kampani yaikuluyo ayi, koma timakampani tating'ono timene tinatenga ngongole kuti tigule magalimoto, timange nyumba za antchito ndi kupereka chakudya. Asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu Julayi 2021, ndipo a SADC anachoka mu 2024.

Tsono tsegulani mapu. Cabo Delgado ili kugombe la Indian Ocean, makilomita mazanamazana kuchokera ku nyanja yathu. Pakati pake pali chigawo cha Niassa, chimene anzathu a ku Nkhotakota amachiona tsidya lija kukacha bwino. Kumapeto kwa 2021 zigawenga zinafika m'boma la Mecula, mkati mwa Niassa, ndipo mu Seputembala 2022 zinawoloka mtsinje wa Lúrio n'kuukira mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula, kumene zinapha sisitere wa ku Italy. Nampula ndi chigawo chimene muli doko la Nacala ndi njanji ija. Uku ndiye kuwerenga mapu kofunika: kuona kuti chiwawa chili pati, chikusunthira kuti, ndipo chikadali patali bwanji ndi njira imene katundu wanu amadutsa.

Pa dera lililonse dzifunseni mafunso awa. Kodi kuli gulu lodziwika? Lili ndi mphamvu yotani, yongowotcha midzi kapena yolanda tauni? Limakonda kuukira ndani: asilikali, anthu a m'midzi, matchalitchi, mahotela, magalimoto a katundu? M'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi ziwembu zawonjezeka kapena zachepa? Boma lakumeneko likaitanidwa limafika msanga? Bungwe la ACLED limasonkhanitsa ziwembu malo ndi malo, tsiku ndi tsiku, ndipo linagwirizana ndi atolankhani a Zitamar News kutulutsa malipoti a Cabo Ligado okhudza nkhondoyi. Madalaivala a mathiraki oyenda ku Nacala nawonso amadziwa zambiri, monga pamene pawonjezeka zipata za apolisi ndi pamene anthu asiya kuyenda usiku, koma zimene akuuzani muzizifananitsa ndi zolembedwa. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wopanda dzina, tsiku ndi malo musaulembe m'kope, ndipo musautumize kwa ena.

Pali chinthu china chimene sindingachidumphe. Salima ndi Nkhotakota ndi maboma amene Asilamu ndi Akhristu akhala limodzi kwa mibadwo, akukwatirana ndi kuikana maliro. Ku Cabo Delgado ambiri mwa ophedwa ndi othawa ndi Asilamu, ndipo atsogoleri a mizikiti ndi amene anayamba kuchenjeza boma za gululo chiwawa chisanayambe. Kauniuni amene akukayikira munthu chifukwa cha mkanjo kapena ndevu ndi wolakwika, komanso amatseka pakamwa pa anthu amene akanakhala oyamba kukuuzani kuti kwabwera zachilendo.

Musaiwalenso zakutali zimene zimafika kudzera m'mitengo ya zinthu. Kuyambira mu Novembala 2023, a gulu la zida la Houthi a ku Yemen atayamba kuwombera sitima za pa Red Sea, sitima zambiri zinasiya kudzera pa Suez Canal n'kumazungulira ku Cape of Good Hope. Ulendo unatalika ndi masiku khumi kapena kuposa, mitengo yonyamulira katundu n'kukwera.

Gawo 5: Dziyang'aneni ndi maso a munthu woipa

Yendani pamalo panu m'mawa, masana ndi usiku. Ziwembu za ku Mumbai mu 2008, ku hotela ya DusitD2 ku Nairobi mu Januwale 2019 ndi ku Sri Lanka pa Pasaka wa 2019 zinasankha malo ofanana: mahotela, matchalitchi ndi malo odzaza anthu amene aliyense amalowa mosavuta. Ndiye onani kuti munthu angalowere kuti popanda womufunsa. Malo ambiri a ku Senga Bay ali ndi geti lolimba kumsewu, mlonda ali pomwepo ndi kaundula wake, koma kugombe kuli pululu, aliyense wotsika m'boti amangofika pa bala. Onani ngati galimoto yachilendo ingaime pafupi ndi holo ya misonkhano tsiku lonse popanda woifunsa. Onani ngati chitseko chotulukira pangozi chili chotsegula kapena munaunjikapo makreti. Kodi wolandira alendo amaonadi chiphaso cha unzika kapena pasipoti, kapena amangopereka cholembera? Magetsi akathima, ndi mbali iti imakhala mumdima?

Zimene mupeze pano zidzakutetezaninso kwa akuba ndi moto, amene kunena zoona ndi amene angakufikireni msanga.

Gawo 6: Ikani manambala

Pa chiopsezo chilichonse lembani manambala awiri, oyambira 1 mpaka 5. Yoyamba ndi kuthekera kwakuti chichitike m'miyezi 12 ikubwerayi. Yachiwiri ndi kukula kwa chiwonongeko chitachitika. Chulukitsani manambala awiriwo.

Tiyerekeze loji ya zipinda 20 imene theka la ndalama zake zimachokera kwa alendo akunja. Mwini wake akhoza kulemba chonchi. Zigawenga kuukira lojiyo: kuthekera 1, chiwonongeko 5, zonse 5. Alendo akunja kusiya kubwera chifukwa cha chiwembu ku Kenya, Tanzania kapena Niassa: kuthekera 2, chiwonongeko 4, zonse 8. Mafuta kusowa chifukwa njira ya Nacala kapena Beira yasokonekera, jenereta n'kuzima, alendo a ku Lilongwe n'kulephera kutsika msewu wa M14: kuthekera 3, chiwonongeko 4, zonse 12. Ndalama zochokera kunja kuchedwa ku banki: kuthekera 3, chiwonongeko 3, zonse 9.

Manambalawa ndi maganizo a munthu, si sayansi, ndiye musawaike nokha. Khalani ndi manijala, wowerengera ndalama ndi mkulu wa alonda, aliyense aike ake, kenako mukambirane pamene mwasiyana. Phindu lake ndi lakuti amakuonetsani poyambira. M'chitsanzo chathuchi ndalama yoyamba ipite ku thanki ya dizilo kapena sola, osati ku makina ounikira zitsulo pageti. Koma chiopsezo chilichonse chokhudza moyo wa munthu chikhale ndi dongosolo lake ngakhale nambala yake ili yochepa.

Gawo 7: Unikani ndalama ndi anthu amene mumachita nawo malonda

Bungwe la FATF, lomwe likulu lake lili ku Paris, limaika pa mndandanda wapadera mayiko amene malamulo awo oletsa kuzembetsa ndalama ndi kuthandiza zigawenga ali ofooka. Mozambique ndi Tanzania analowa pa mndandandawu mu Okutobala 2022, South Africa mu Febuluwale 2023, ndipo onse atatu anachotsedwapo mu 2025. Dziko likakhala pamenepo, mabanki akunja amafunsa zikalata zambiri ndipo ndalama zimayenda pang'onopang'ono. Muziona mndandandawu musanasainirane ndi kampani ya dziko lina. Umasintha katatu pa chaka.

Kuno kwathu lamulo la Financial Crimes Act la 2017 linakhazikitsa bungwe la Financial Intelligence Authority, ndipo kuthandiza zigawenga ndi ndalama kapena katundu ndi mlandu waukulu. Wamalonda wamba achite izi: adziwe dzina lenileni ndi chiphaso cha amene akuchita naye malonda akuluakulu, asunge malisiti, ndipo asalole akaunti yake ya ku banki, ya Airtel Money kapena ya Mpamba kudutsiramo ndalama za munthu wina pomulonjeza kangachepe. Mlendo wofuna matumba ambiri a feteleza, mafuta a m'zigubu kapena masimukhadi ochuluka, wolipira kashi osanenerera mtengo, wokana kutchula kumene akupita nazo, ndi woyenera kukamunena kupolisi. Chimodzimodzi eni maboti akapatsidwa ndalama zambiri kuti awolotse anthu usiku. Ambiri mwa owoloka chotere ndi ongofuna moyo wabwino ku South Africa, koma inu simungathe kuwasiyanitsa, ndipo boti logwidwa ndi lanu.

Achinyamata anu antchito muwachenjezenso za malonjezo a ntchito, mpamba kapena maphunziro aulere tsidya la malire opanda kalata yooneka. Ku Cabo Delgado ambiri anakopedwa m'njira imeneyi.

Gawo 8: Werengani pepala la inshulansi

Pitani pa tsamba lotchula zimene kampani siidzalipira. Nthawi zambiri nkhondo ndi uchigawenga zimakhala pamenepo, makamaka kuchokera pa ziwembu za pa 11 Seputembala 2001 ku America, zimene zinawonongetsa makampani a inshulansi ndalama zankhaninkhani. Mayiko ena anakhazikitsa thumba lapadera: Britain ili ndi Pool Re kuyambira 1993, South Africa ili ndi Sasria kuyambira 1979. Pa malonda akuluakulu mu Africa muno pali bungwe la inshulansi la ATIDI la ku Nairobi, lomwe Malawi ndi membala wake. Mufunseni wokugulitsani inshulansi mafunso atatu, ndipo ayankhe polemba: kodi zipolowe ndi uchigawenga zili m'kati kapena n'zogula padera? Katundu wanga ndi wotetezedwa ali m'dziko la Mozambique kapena Tanzania? Bizinesi ikaima popanda nyumba kuwonongeka, mudzalipira? Funso lachitatuli ambiri amayankhidwa kuti ayi, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Gawo 9: Gwirizanani zizindikiro, ikani tsiku lobwereza

Msodzi sayamba kukambirana za mwera ali pakati pa nyanja; amadziwiratu kuti mphepo ikafika pakutipakuti, boti silichoka padooko. Inunso lembani zizindikiro zanu lero, mitima ili m'malo. Mwachitsanzo: chiwembu chikachitika pa msewu kapena njanji ya pakati pa Nacala, Nampula ndi Cuamba, dalaivala wathu sapita ndipo katundu timaitanitsa kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam. Ziwembu zikafika m'maboma a Niassa oyandikana ndi nyanja, timawonjezera mlonda kugombe ndipo maulendo a boti opita kutali timaimitsa. Britain kapena America akasintha malangizo okhudza Malawi, timalembera makampani otitumizira alendo tsiku lomwelo, n'kuyamba kutsatsa malonda kwa a m'dziko momwe muno.

Pambali pa chizindikiro chilichonse lembani dzina la woti apange chiganizo ndi womulowa m'malo akachokapo. Nambala ya mkulu wa polisi yapafupi, ya amfumu, ya komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi ya chipatala cha boma cha Salima zikhale pakhoma la pa ofesi ndi m'foni ya mlonda aliyense. Antchito adziwe dongosolo limene apolisi a ku Britain amaphunzitsa anthu mfuti ikalira: thawani ngati njira ilipo, mukalephera bisalani n'kuzimitsa kulira kwa foni, mukapeza mpata imbani kupolisi. Awiri kapena atatu aphunzire kuletsa magazi kutuluka pa bala lalikulu, poti chipatala cha Kamuzu Central chili makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Salima.

Kopeli mulitsegulenso miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi ina iliyonse pamene mwasintha wokuodetsani katundu, mwayamba kutumiza galimoto kudziko latsopano, kapena mwalandira msonkhano wa anthu ambiri wokhala ndi nduna kapena akazembe. Pa msonkhano wotere bwerezani Gawo 5 pamodzi ndi apolisi sabata imodzi alendo asanafike.